Octave, Simulink kapena FEMM: iti ikanapulumutsa mota ya chigayo cha malume?

Anyamata amene akuphunzira zamagetsi amandifunsa funso limodzimodzi pa WhatsApp: achimwene, pa masamu a mota tiike pulogalamu iti pa laputopu? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano kamodzi. Zoti iyi imafuna RAM yochuluka bwanji mukawerenge nokha. Ine ndifotokoza za mota imene inapsa ine nditaivomereza.

Malume anga ali ndi chigayo ku Area 25. Mota yakale itatopa, tinagula ina yogwirapo kale ntchito pa shopu ina m'tauni muno, dzina ndisunga. Pa kachitsulo ka m'mbali analembapo 15 kW, 400 V, 50 Hz, 1450 rpm. Achigayo amangoti 20 horse. Liwiro linali lomveka: mota ya ma pole anayi pa magetsi a 50 Hz, maginito ake amazungulira ka 1500 pa mphindi, ndiye 1450 ndi slip (kutsalira kwa shaft kumbuyo kwa maginito) yopitirira pang'ono 3 pa 100 alionse. Malume anati, "Mphwanga, poti sukulu unapita, tationere ngati ikoke."

Ndinapita kwa mnzanga amene ali ndi MATLAB yovomerezeka kuntchito kwake. Chilungamo chake, Simulink, pulogalamu yoyeserera makina pa kompyuta imene imayenda m'kati mwa MATLAB, ndi yokoma. Imagwiritsa ntchito masamu a d ndi q, aja anafalitsa Robert Park mu 1929, amene amasandutsa ma phase atatu kukhala mizere iwiri yozungulira limodzi ndi maginito. Mumaona chilichonse cha m'masekondi oyamba: current ikulumpha kasanu mpaka kasanu ndi kawiri mukayatsa mota mwachindunji, ikutsika kufika pa gawo limodzi mwa atatu a pamenepo mukadzera pa star-delta (njira yoyatsira mota m'magawo awiri), ndi kugwedezeka kwa pamene contactor, switch yake ya mota, ikusintha. Koma dziwani kuti MATLAB, Simulink ndi Simscape Electrical mmene muli ma mota amagulitsidwa padera-padera, ndipo ndi m'madola. Mmene ikusowera forex pano, amene akungofuna kuona kuyaka kwa mota ayambe wayesa OpenModelica, yomwe ndi yaulere ndipo ma mota alimo kale.

Vuto silinali pulogalamu ayi, linali ine. Masamu amenewa amafuna resistance ya stator (mbali yosazungulira), ya rotor (mbali yozungulira), ma inductance ndi kulemera kwa chozungulira. Palibe ngakhale chimodzi cha izi chimene chimalembedwa pa kachitsulo. Ndiye ndinangotenga manambala okonzeratu a mota ya 15 kW, nkudina. Mizere inatuluka yosalala bwino, ndinajambula nkuwatumizira malume. Tinamanga malamba, overload, kachipangizo kozimitsa mota current ikapitirira, tinaitchera pa ma amp 28 monga mwa kachitsulo, nkuyamba kugaya.

Mwezi sunathe. Tsiku lina masana, amayi ali pa mzere ndi mphale yawo, kunamveka fungo la vanishi, kenako utsi. Bambo amene amakulunga mawaya a ma mota atayitsegula sanachedwe nayo. Anatenga tepi nkuyeza mabowo a miyendo kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo: mamilimita 210. Mota ya 15 kW ya ma pole anayi imakhala pa frame ya 160L, mabowo ake amatalikirana mamilimita 254. Ya 210 ndi 160M, ndiye kuti 11 kW. Shaft ya zonse ziwiri imakhala pa msinkhu umodzi, mamilimita 160 kuchokera pansi, nchifukwa chake ndi maso okha simungazisiyanitse msanga. Munthu wina anachotsa kachitsulo pa mota ina nkukhomera pa iyi. Mota yoyenera ma amp pafupifupi 21 tinkaikokesa mpaka 28, overload ili phee, poti tinaiuza tokha kuti zili bwino. Kutentha kwa m'mawaya kumakwera ngati current mwaichulukitsa ndi iyo yomwe, ndiye apa kunali pafupi kuwirikiza kawiri. Wa shopu uja anati tinaiotcha tokha. Mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Kuchokera apo ndinabwerera ku njira yakale ya Charles Steinmetz, equivalent circuit, yoyerekeza mota ngati ma resistance ndi ma koyilo ochepa olumikizana, ndipo ndimailemba mu GNU Octave. Ndi yaulere, malamulo ake ambiri ndi ofanana ndi a MATLAB, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yokalamba. Ndimaikonda chifukwa siikupatsani manambala a mphatso. Kuti mudzaze R1, R2, X1, X2 ndi Xm, manambala asanu a mu circuit imeneyi, muyenera kuigwira motayo: kuyeza resistance ya ma koyilo, kuiyendetsa yopanda lamba muli ndi clamp meter m'manja, kenako kumanga shaft kuti isazungulire nkukweza voltage pang'onopang'ono mpaka current ifike pa mlingo wake. Kuyesa komalizaku kumafuna variac, transformer yokwezera ndi kutsitsira voltage, ndipo kuibwereka kumavuta, sindikana. Koma ndikanachita zimenezi, resistance yokha ikanandikayikitsa.

Mizere makumi atatu yokha mu Octave imakuonetsani chinthu chimene mwini chigayo aliyense ayenera kudziwa. Mphamvu yokokera imatsata voltage yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Magetsi akatsika kuchoka pa 400 kufika pa 360, mota imatsala ndi 81 pa 100 ya mphamvu yake, slip imakula, current nkukwera. Kufooka kwa njirayi nkwakuti imangoonetsa mota imene yakhazikika kale pa liwiro, za masekondi oyamba siinena.

FEMM ya David Meeker nayo ndi yaulere, imajambula maginito m'kati mwa chitsulo. Koma imafuna miyeso ya slot iliyonse, ndiye mota muyambe mwaiphwasula. Ndi ya opanga ndi okulunga ma mota, osati ya munthu amene akugula.

Ndiye wa project ya kusukulu yokhudza kuyatsa mota kapena VFD (chipangizo chosinthira liwiro la mota), pitani ku Simulink ngati koleji ili ndi layisensi. Amene mwatumidwa ndi achibale kukaona mota, Octave ikukwanirani. Mota ya malume anaikulunganso, tinaika sefa ya mabowo okulirapo ndipo overload ili pa 21. Ufa ukutuluka mochedwerapo poti mota ndi ya 11 kW yokha, ndipo malume akandiona pa geti amakuwa kuti abwera a injiniya a pa kompyuta.