ELM327 yotchipa ija: ndi yoyenera kugula, koma muyambe mwaiyesa pa galimoto

Ndi kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kawirikawiri kabuluu. Mumakalowetsa pa soketi ya mabowo 16 yomwe ili pansi pa chiwongolero, n'kukalumikiza ku foni kudzera pa Bluetooth. Mukatsegula pulogalamu ngati Torque kapena Car Scanner, galimoto imakuuzani chomwe chayatsa nyale ya check engine. M'magalaja ena ang'onoang'ono mukamva kuti "tiyiike pa kompyuta", kompyuta yakeyo ndi kameneka ndi foni ya makaniko. Kwa mwini Vitz, Sienta, Note kapena Demio wa kuno ku chigwa cha Shire, amene sangakwere ku Blantyre nthawi zonse nyale ikayaka, n'koyenera kukhala nako. Chachikulu n'kudziwa kuti kabokosika sikanapangidwe ndi mwambo womwe unapangira kompyuta ya galimoto imene kakulankhula nayo.

Kusiyanaku n'kwakukulu. Ma chip olowa m'kompyuta ya injini amayesedwa motsatira muyezo wa AEC-Q100, ndipo a Grade 1 amayenera kugwira ntchito kuyambira pa madigiri 40 pansi pa ziro kufika pa madigiri 125. Mafakitale opanga zipangizo za galimoto amayendera IATF 16949, yomwe imafuna kuti chipangizo chikapezeka ndi vuto, athe kulondola gulu lomwe chinapangidwira. Olemba mapulogalamu ake amatsatira malamulo a MISRA C, omwe anayamba mu 1998, oletsa kalembedwe kobisa zolakwika. Kuyambira 2011 palinso ISO 26262, yomwe imaika zinthu m'magulu a ASIL A mpaka D malinga ndi kukula kwa ngozi zikalephera, ndipo zokhudza mabuleki ndi chiwongolero zimakhala m'magulu a pamwamba. Pa Automotive SPICE, muyezo wa kapangidwe ka mapulogalamu a galimoto, chilichonse chomwe pulogalamu ikuyenera kuchita chimalembedwa, ndipo chimakhala ndi mayeso ake otsimikizira. N'chifukwa chake kompyuta ya galimoto ya zaka 15 imalizabe injini pa dzuwa la Okutobala pa Ngabu.

Kabokosi ka pa msika kalibe dzina la wopanga, kalibe nambala yolondolera. ELM327 yeniyeni inapangidwa ndi kampani ya Elm Electronics ya ku Canada. Pulogalamu ya m'mitundu yoyambirira inakopedwa, ndipo zambiri zomwe zikugulitsidwa motchipa lero ndi zidzukulu za yokopedwayo. Zolembedwa nambala ya mtundu v1.5 n'zokopera zonse, chifukwa eni akewo sanatulutsepo v1.5. Chodabwitsa n'chakuti pa zokoperazi, v1.5 yokhala ndi chip ya PIC18F25K80 ndi imene imachita bwino. Zambiri zolembedwa v2.1 zili ndi pulogalamu yodulidwadulidwa, imene siimva malamulo ena ndipo imavutika kulankhula ndi galimoto zakale zodalira waya wa K-line, wa pa pini 7 pa soketi ija. Mabokosi awiri ofanana kunja akhoza kukhala osiyaniratu m'kati.

Choncho ntchito yoyesa, imene fakitale sinachite, yatsalira inu. Musapereke ndalama musanapite nako pa galimoto. Tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza injini, lumikizani foni, ndipo mutsegule malo olemberapo malamulo mu pulogalamu. Lembani ATZ: kayankhe dzina lake ndi nambala. Lembani ATRV: kakuuzani mphamvu ya batire. Yerekezani ndi malitimita, chida choyezera magetsi, yoikidwa pa pini 16 ndi pini 4. Batire yodzadza imasonyeza 12.6V kapena kuyandikira apo, ndipo kakaphonya ndi 0.3V kapena kuposa, musadzakadalire poyesa alitineta. Kenako lembani 0100, lamulo lofunsa kompyuta ya galimoto. Yankho labwino limayamba ndi 41 00. Mukaona UNABLE TO CONNECT, yesani pa galimoto ina ya chaka chaposachedwa musanaweruze, chifukwa galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan chisanafike chaka cha 2008 zili ndi soketi yomweyi koma sizilankhula OBD2 wamba, chilankhulo chomwe kabokosika kamamva. Mayeso omaliza ndi a m'mawa injini isanalire: kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuyenera kuyandikana, kuyandikirenso kutentha kwa panja. A iPhone agule ya Wi-Fi kapena ya Bluetooth LE, pakuti ya Bluetooth wamba siilumikizika.

Phindu lake lenileni kuno sikuwerenga makhodi (manambala a zovuta omwe kompyuta imasunga) ayi, koma kuona kutentha kwa injini. Galimoto zazing'ono zambiri zochokera ku Japan zilibe geji ya kutentha. Zili ndi nyale yosonyeza kuti injini idakali yozizira, ndi yofiira imene imayaka zinthu zitafika kale poipa. Kuchoka pa Thabwa kukwera zitunda za Chikwawa, galimoto imakwera mamita oposa 800 m'makona, pa giya yotsika, mphepo yowomba pa ladiyeta ili yochepa. Ikani foni poonekera, wokwera naye azikuwerengerani. Madigiri 85 mpaka 95 ndi abwino. Fani iyenera kudzuka kutentha kukamayandikira 100, ndipo nambala itsike. Ikadutsa 105 n'kumakwerabe, zimitsani eyakoni, tsegulani hita, ndipo muime pamalo abwino. Osatsegula chivindikiro cha ladiyeta injini ili yotentha. Gasiketi imodzi yopulumuka pa chitunda chimenechi yabweza kale mtengo wa kabokosika kangapo.

Pa makhodi m'pamene anthu amataya ndalama, ndipo apa olakwa ndi owerenga. Khodi imaloza dera lomwe kompyuta yaona chachilendo, siitchula chipangizo choti mugule. Tengani P0171, imene imati mpweya wachuluka kuposa mafuta. Ambiri amathamangira kusintha sensa ya oxygen, pamene sensayo ikunena zoona. Yang'anani manambala a fuel trim, osonyeza mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Akakhala pakati pa -10 ndi +10 peresenti palibe chodetsa nkhawa. Akakwera injini ili pa silo n'kutsika mukaponda mafuta, pali payipi ya labala yong'ambika imene ikuyamwa mpweya kuseri kwa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo kutentha kwa kuno kumaumitsa labala msanga. Akamakwera pamene mukuponda, ganizirani pampu ya mafuta yofooka, fyuluta yotsekeka, kapena MAF yodzadza fumbi la m'misewu ya ku East Bank. MAF imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osati petulo kapena kansalu, chifukwa kawaya kake n'kosachedwa kuduka. P0301 imati silinda yoyamba ikuphonya: sinthanitsani koyilo yake ndi ya silinda yachiwiri. Khodi ikasanduka P0302, koyiloyo ndi yakufa. Ikakhala pomwepo, onani pulagi ndi injekita.

Pali vuto lina limene Chikwawa ndi Nsanje akulidziwa bwino chichokereni madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Galimoto yomwe inamira imatha kuuma n'kumayenda, koma madzi amatope amatsala m'zolumikizira mawaya za pansi pa kapeti, ndipo pakapita miyezi mapini amachita dzimbiri lobiriwira. Zikatero mumaona makhodi oyamba ndi U, monga U0100, kutanthauza kuti makompyuta asiya kumvana. Apa kabokosika kamangokuuzani poyambira, ntchito yotsala ndi ya malitimita. Chotsani waya wa negativu pa batire, muyese pakati pa pini 6 ndi pini 14, omwe ndi mawaya a CAN, mzere womwe makompyuta a galimoto amalankhulirana. Pa galimoto zambiri mupeza ma ohm 60, chifukwa kumapeto onse awiri a mzerewo kuli resistor ya ma ohm 120. Mukapeza 120, mzere waduka penapake kapena kompyuta ya kumapeto siikulumikizika. Mukapeza pafupi ndi ziro, mawaya awiriwo akukhudzana. Munthu asakugulitseni kompyuta ina asanayese izi.

Batani lofufutira makhodi mu pulogalamu ndi limene tikanakonda likanabisidwa. Limazimitsa nyale, koma limafufutanso freeze frame, chithunzi cha mmene injini inalili pa mphindi yomwe vuto linaoneka: liwiro, kutentha, fuel trim. Umenewu ndiye umboni womwe makaniko wabwino amayambira. Jambulani zonse kaye. Ndipo galaja imene yakulipiritsani, n'kuzimitsa nyale osakulemberani khodi pa pepala, siinakugwirireni ntchito. Kufufutaku kumabwezanso ma readiness monitor, mayeso omwe kompyuta imadzichitira yokha, pa "incomplete" (osamalizidwa), ndipo izi n'zothandiza pogula galimoto: nyale ikakhala yozima koma ma monitor ambiri asanamalize, pali amene wangofufuta kumene, kapena wachotsa batire.

Zimene kabokosika sikangathe n'zochuluka. Ndi mapulogalamu wamba kamaona za injini basi. Za ABS, ma airbag, giyabokosi ya CVT ndi batire ya Aqua kapena Prius zimafuna pulogalamu yodziwa chilankhulo cha kampaniyo, ndipo si yokopera iliyonse imene imakwanitsa. Kulemba chilichonse m'kompyuta ya galimoto ndi kameneka, kaya makiyi kaya pulogalamu, musayerekeze. Bluetooth ikaduka ntchito ili pakati, kompyutayo ikhoza kutsala yosadzukanso.

Mukamaliza, kazuleni. Pini 16 imakhala ndi moto ngakhale kiyi ili m'thumba, ndipo zotchipazi zambiri sizigona, zimayamwa batire usiku wonse. Galimoto yoima masiku angapo pa Bangula, batire yake itafooka kale ndi kutentha, mudzaipeza siikuliza. Zina zili ndi mapini okhuthala omwe amatakasa mabowo a soketi mukamalowetsa mokakamiza. Nambala yake yolumikizira pa Bluetooth imakhala 1234 kapena 0000, choncho aliyense woima pafupi akhoza kulumikiza foni yake. Kasungeni m'kachikwama pamthunzi, osati pa dashibodi.

A malole onyamula nzimbe pa Nchalo kapena thonje, aka si kanu. Malole ambiri ndi a 24V, pamene zotchipazi n'za 12V. Soketi ya 24V ili ndi kotchinga pakati pa mpata wake kuti pulagi ya 12V isalowe. Ena amasema pulagiyo ndi mpeni kuti ikwane, ndipo mapeto ake kabokosika kamapsa, mwinanso n'kuphulitsa fyuzi ya soketiyo.