Toyota Sienta ya pa parque ya ku Matundo: galimoto ndi yabwino, koma matayala ake akanatipha

Ndemanga iyi ndikulembera anzanga a ku Angónia ndi ku Tsangano amene akusunga ndalama za mbatatesi ndi soya kuti akagulitsa zokolola atsikire ku Tete kukagula galimoto. Ine ndinagula Toyota Sienta, ya mtundu woyamba uja wa nyali zozungulira, pa parque (malo ogulitsira galimoto) ina kutsidya la Matundo, ndipo 380,000 meticais ija ndinapereka yonse, osachotserapo ngakhale pang'ono. Za galimotoyo ndili ndi zabwino zambiri zoti ndinene. Za bambo amene anandigulitsa, mtima wanga sunatsikebe bwinobwino.

Tsiku logula ndinafunsa za matayala mwachindunji, chifukwa msewu wa kwathu ndimaudziwa. Anali akuda bii, onyezimira, mizere yake yakuya. Bambowo anamenya tayala lakutsogolo ndi chikhatho n'kunena kuti, "Bwana, awa ndi a ku Japan enieni, mudzayendera zaka ziwiri musanaganize zogula ena." Mawu amenewa anawanena pamaso pa mkazi wanga, ndipo ndi mawu amenewa amene ndimawaimbira mlandu.

Mu Novembala tinapita ndi mayi anga ku chipatala chachikulu cha ku Tete kuti akaonedwe. Pobwerera tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, ndipo amene amakhala m'chigwa cha Zambezi akudziwa kuti mwezi umenewo kutentha kumapitirira madigiri 40, phula n'kumaoneka ngati likutuluka thukuta. Mayi anakhala kutsogolo, mkazi wanga ndi ana awiri pa mpando wapakati, ndipo kumbuyo tinaikako zikwama ndi thumba la mpunga. Titadutsa Moatize, pa msewu wa N7 tikulowera ku Mussacama, ndinkayenda pa liwiro la makilomita 90 pa ola pamene ndinamva kunjenjemera kwachilendo kuchokera kumbuyo, osati m'chiwongolero ayi, koma pansi pa mpando. Ndisanachotse n'komwe phazi pa moto, kunamveka phokoso lalikulu, kenaka kumenya kwa chinthu pa bodi, pha! pha! pha!, ndipo mbuyo ya galimoto inayamba kutaya uku ndi uku. Kutsogolo kwathu kunkabwera thiraki yodzaza katundu yochokera ku Zóbuè, ndipo panthawi ina ndinaona mphuno ya galimoto yanga italoza pa bampala ya thirakiyo.

Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, buleki osaikhudza, ndi kulola kuti liwiro lithe lokha. Galimoto inabwerera kumanzere, inataya kachiwiri koma mochepa, ndipo itayamba kumvera ndi pamene ndinaponda buleki pang'onopang'ono mpaka tinaima m'miyala ya m'mphepete mwa msewu. Mayi, amene m'mawa mwake ankadandaula kuti lamba akuwafinya pachifuwa, anali pamalo pawo, atagwira lambayo ndi manja awiri, akutchula dzina la Mulungu motsitsa mawu. Mwana wamng'ono ndi amene anayamba kulira, titaima kale.

Nditatsika ndinapeza kuti tayala lakumbuyo kumanzere silinabooledwe ndi msomali kapena kumenya dzenje. Mphira yense wapamwamba anasendeka n'kuchoka, mawaya ali pamtunda, ndipo chidutswa chachitali cha mphirayo ndi chimene chinkakwapula bodi mpaka kung'amba ngodya ya bampala. Ndinaika matirayango onse awiri, n'kuvala chovala chonyezimira chija monga lamulo limanenera, koma nditatulutsa sipeya ndinapeza kuti ndi kaja kakang'ono kongothandizira, kamene kamafuna mpweya wa 420 kPa, ndipo kanali kofewa moti chala chinkalowa. Dalaivala wina wa thiraki wa ku Malawi anaima yekha osakodoledwa, anakoka paipi ya mpweya pa thiraki yake n'kutipopera, ndipo ndalama imene ndinamupatsa anaikana. "Achimwene, sungani mukagulire tayala," anatero.

Tinabwerera ku Moatize mwapang'onopang'ono. Kumeneko mkulu wina wokonza matayala anagwada pa tayala lakutsogolo, analipukuta ndi kansanza konyowa, n'kundionetsa zinthu zitatu. Choyamba chinali mawu akuti STUDLESS pamodzi ndi kachizindikiro ka chipale chofewa. Anati amenewa ndi matayala oyendera pa chisanu cha ku Japan, mphira wake ndi wofewa dala kuti uzigwira pa madzi oundana, ndipo timizere tambirimbiri topyapyala timene ine ndinkationa ngati umboni wa tayala latsopano ndi tothandiza pa chisanupo, osati pa phula lotentha. Chachiwiri chinali manambala anayi m'kabokosi ka m'mbali, 4110, kutanthauza sabata ya 41 ya chaka cha 2010. Opanga matayala amalangiza kuti tayala likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka yakuya, ndiye awa anali atapitirira kalekale. Chachitatu ndi chimene chinandipsetsa mtima koposa: pamene anapukutapo panaoneka ming'alu yaing'onoing'ono kuzungulira m'mbali monse, imene polishi wakuda anaikwirira. Matayala onse anayi anali chimodzimodzi. Ndinagula anayi atsopano a 175/70R14 pomwepo, ndi ndalama imene ndinasungira feteleza.

Nditabwerera ku parque ndi tayala losendekalo m'buti, bambo aja sanafunse n'komwe ngati pali amene anavulala. Anayamba ndi kunena kuti galimoto ikatuluka pa geti imakhala ya mwini wake, kenaka anati mwina ndinkathamanga, kenaka anati mwina ndinadzaza matumba a chimanga, pakuti anthu a ku Angónia timatero. Mawu omalizawa ndi amene anandikweza mawu pamaso pa makasitomala ena. Munthu wagulitsa galimoto ya banja ili pa matayala a zaka zoposa khumi, wawapaka polishi, walonjeza zaka ziwiri, ndipo mayi wokalamba atapulumuka pakamwa pa thiraki, yankho lake ndi kunyoza kumene wogula amachokera. Zimenezi sindinazilandire, ndipo mpaka lero sindinazilandire.

Komabe ndiyenera kunena zinthu monga zinachitikira. Mnyamata wawo, makaniko wa pa parque pomwepo, anatenga tayalalo n'kuwerenga manambala aja mokweza, ndipo ndinaona pa nkhope ya bambowo kuti sankadziwa n'komwe kuti tayala limakhala ndi tsiku lopangidwa. Anayenda nane pa galimoto zina zimene zinangofika kumene kuchokera ku doko, tikuwerama pa gudumu lililonse, ndipo zingapo zinali ndi STUDLESS yemweyo. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Bwana, pepani, mayi akupeza bwanji?" Anabweza ndalama ya matayala awiri, ndipo bampala anaikonza pa oficina yawo osandilipiritsa. Ndikhulupirira kuti za chisanu ndi za manambala sankazidziwa, koma za ming'alu sindingawakhululukire msanga, chifukwa wopaka polishi amaiona ming'aluyo asanapake. Pa zina zonse sanandinamize: injini sidya oyilo, giya sigwedeza, ndipo livrete, chikalata cha galimoto, inatuluka pa nthawi imene analonjeza.

Tsopano za galimoto yeniyeniyo, imene mlanduwu suikhudza. Anzanga okonda Hilux amaiseka Sienta kuti ndi chitini, koma tsiku lija tayala litaphulika inabwerera mumzere mosavuta, ndipo ndikukhulupirira kuti kufupika kwake ndi kumene kunathandiza, chifukwa galimoto yaitali m'mwamba ikataya mbuyo pa liwiro lotero imafulumira kugubuduka. Mabuleki ake a ABS ndinawaona ntchito yake pa N304 pafupi ndi Ulónguè, mvula ikugwa, pamene ngolo ya ng'ombe inalowa mumsewu mosayembekezereka: buleki inanjenjemera pansi pa phazi, magudumu sanakhererezeke, ndipo ndinatha kuizemba ngoloyo ndikupondabe. Amene sanazolowere amaganiza kuti chinachake chathyoka n'kuchotsa phazi, pamene chofunika ndi kupondabe mwamphamvu.

Kufupika komweko ndi kumene kumasautsa ukachoka pa phula. Njira ya kumunda kwathu ikakumbika ndi mvula, mimba ya galimoto imakhula pansi, ndipo m'matope magudumu akutsogolo amangozungulira. Amene amakhala kutali ndi msewu waukulu, monga mbali za ku Dómuè, aganize kawiri. Koma mayi anga, amene mawondo awo sawalola kukwera Hilux popanda wowanyamula, amalowa okha mu Sienta, ndipo zitseko zokoka zija ndi dalitso pa msika wa ku Ulónguè, pamene njinga zamoto zimadutsa mokhudza galimoto ndipo mwana akatsegula chitseko wamba akhoza kugwetsa munthu. Mawotchi ake ali pakati pa dashibodi, osati kuseri kwa chiwongolero. Poyamba zimadabwitsa, koma maso amazolowera msanga. Injini yake ya malita 1.5 siikonda mapiri ikadzaza anthu, imalira kwambiri pokwera kuchokera ku Mussacama, koma petulo imamwa mwaulemu, ndipo ulendo wa ku Tete wa makilomita opitirira 200 suwawa m'thumba. Wailesi yake ndi ya ku Japan, imathera pa 90 MHz, choncho masiteshoni ambiri a kuno siigwira mpaka mutaisintha.

Mipando iwiri yakumbuyo kwenikweni imapindika n'kulowa pansi pa mpando wapakati, ndipo zikatero matumba a mbatatesi amalowa bwino. Anthu amaitama galimotoyi kuti imanyamula asanu ndi awiri, ndipo ena aisandutsa chapa yonyamula anthu olipira, koma ine ana anga sindiwakhazika kumbuyoko pa N7. Mitu yawo imakhala pafupi kwambiri ndi galasi lakumbuyo, ndipo amene anaonapo momwe mathiraki amatsatirana pafupi pakati pa Moatize ndi Zóbuè amvetsa chifukwa chake. Mipando imeneyo ndimaitsegula popita ku tchalitchi kapena ku maliro a pafupi basi.

Kagudumu kothandizira kaja ndinakachotsa, ndinagula limu ina ndi tayala lathunthu, ngakhale limadya malo m'buti. Sienta ina ndikhoza kugulanso mawa lomwe. Pa parque imeneyo ndikhoza kubwererako, koma ndi kansanza konyowa m'thumba, ndipo mtengo wa matayala anayi atsopano uchotsedwe tisanayambe kukambirana zina. Nditadutsako posachedwa ndinapeza kuti galimoto zina anazisintha matayala, koma Ractis imodzi ya buluu, imene ili kutsogolo penipeni pafupi ndi geti, ikadali pa STUDLESS wa chaka cha 2012, ndipo mnyamata uja ndamuuza kuti awakumbutse abwana ake isanagulidwe.