CERN Open Data: yaulere, yeniyeni, koma tengani mafayilo aang'ono okha

Aphunzitsi a fizikisi kuno ku Mangochi amene muli ndi laputopu ndi kabandulo ka intaneti, tsamba la opendata.cern.ch ndi lofunika kuliyesa. Eni ake ndi a CERN, bungwe la ku Ulaya lofufuza tinthu ting'onoting'ono topanga chilengedwe, pafupi ndi mzinda wa Geneva, kumene kuli makina a LHC: ngalande yozungulira ya makilomita 27, mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka, yodutsa malire a Switzerland ndi France. M'menemo amaombanitsa mapulotoni, ndipo mu 2022 mphamvu ya kuombanako idafika pa 13.6 TeV (GeV ndi TeV ndi miyeso ya mphamvu ndi kulemera kwa tinthu; 1 TeV ndi 1,000 GeV). Tsambali lidatsegulidwa mu 2014. Salipiritsa, safunanso kulembetsa, ndipo zimene mumatsitsa ndi zoyezedwa zenizeni, osati zopeka za m'kalasi.

Akusaka chiyani kumeneko? Chiphunzitso cha Standard Model chimafotokoza bwino kwambiri tinthu tonse todziwika, ndipo komaliza, Higgs kolemera 125 GeV, kadalengezedwa pa 4 Julaye 2012. Koma sichinena kanthu za dark matter (zinthu zosaoneka zimene zimadziwika ndi kukoka kwake kokha), sichikhudza mphamvu yokokera zinthu pansi, komanso sichilongosola chifukwa chimene antimatter (tinthu tofanana ndi tamasiku onse koma ta chaji yosemphana) idachepera m'chilengedwe. Njira imodzi yosakira zatsopano ndi yosavuta kuimva: kanthu kolemera kakapangika sikakhalitsa, kamasweka, nthawi zina n'kutulutsa ma muon awiri (muon ndi kanthu konga elekitironi koma kolemera kwambiri). Ukayeza mphamvu ndi kumene awiriwo alowera, umadziwa kulemera kwa kamene kadasweka. Ukachita zimenezi kambirimbiri n'kujambula gilafu, pamene pali kanthu pamatuluka chitunda.

Apa ndi pamene tsambali lachita bwino. Pitani ku mafayilo a maphunziro a CMS (amodzi mwa makina oyezera kuombanaku pa LHC), tengani Dimuon_DoubleMu.csv. Muli mizere 100,000 ya kuombana kwa mu 2011, pa 7 TeV, ndipo Excel kapena LibreOffice imatsegula popanda vuto. Mzere uliwonse ndi kuombana kumodzi: E ndi mphamvu, px, py ndi pz ndi momentamu, Q ndi chaji, za muon woyamba ndi wachiwiri. Kumapeto kuli M, kulemera kowerengera kale, koma ana a Fomu 4 adziwerengere okha. Aphatikize ma E awiriwo n'kuchulukitsa yankho ndi lokha, achite chimodzimodzi ndi px, py ndi pz, achotse zitatuzi pa ya E ija, kenako atenge SQRT. Akafananiza ndi M aona kuti zikugwirizana. Musaiwale kusiya mizere yokhayo imene Q1 kuchulukitsa ndi Q2 ikupereka -1, popeza kanthu kopanda chaji kamatulutsa muon wa + ndi wa -.

Zolakwika zimabwera zitatu. Ngati kompyuta idaikidwa kuti izilemba desimo ndi chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa kadontho, manambala onse amasanduka mawu ndipo SQRT imakana. Sinthani kaye chilankhulo cha manambala musanatsegule fayilo. Penapake mudzaona #NUM! chifukwa manambala adadulidwa ndipo yankho lagwera pang'ono kunsi kwa ziro. Mizere imeneyo ichotseni, si vuto la inu. Chachitatu ndiye chachikulu: kukula kwa magulu powerenga ndi COUNTIFS. Ndi magulu a 1 GeV, pakati pa 60 ndi 120, chitunda cha kanthu kotchedwa Z chimaoneka bwinobwino pa 91 GeV. Magulu omwewo kumunsi amameza zonse. Kuti kanthu kotchedwa J/psi kaoneke pa 3.1 ndi mnzake wa chitunda chaching'ono pa 3.7, chepetsani mpaka 0.05 GeV, ndipo chimodzimodzi pa Upsilon pa 9.46. Mzere woimirira wa gilafu uikeni pa logi, apo ayi chitunda chachikulu chiphimba zing'onozing'ono.

Amene ali ndi intaneti yabwinoko angatenge fayilo ya ma muon ya 2012, ya magigabaiti pafupifupi 2, yokhala ndi kuombana koposa 60 miliyoni. Imeneyi Excel singaithe (imathera pa mizere 1,048,576), imafuna pulogalamu ya ROOT kapena Python. Phindu lake ndi phunziro limodzi labwino zedi. Pafupi ndi 30 GeV pamatuluka chotupa chooneka ngati kanthu katsopano, chonsecho palibe kanthu. Makina amasunga kuombana kwina kokha; sefa yotchedwa trigger imasankha ma muon opitirira momentamu yoikika. Zili ngati ukonde wa maso akuluakulu: ukaona kuti m'bwato mulibe usipa, sindiye kuti m'nyanja mulibe usipa. Chotupacho ndi malire a ukondewo basi.

Ndipo ngakhale akatswiri amakodwa. Mu Disembala 2015 CMS ndi ATLAS (makina ena oyezera pa LHC) onse adaona kuchuluka kwa mafotoni awiriawiri pa 750 GeV. Mapepala mazanamazana adalembedwa kufotokoza kanthuko. Pofika Ogasiti 2016, deta itachuluka, chitunda chija chidazimirira. Masamu ake mwana wa sekondale angawatsate: ngati m'gulu mukuyembekezeka 100, kusinthasintha kwamwayi ndi SQRT ya 100, ndiye 10; imeneyo ndiyo sigima imodzi. Kupeza 120 ndi masigima 2 okha, ndipo ukayang'ana magulu 200, angapo adzakwera choncho popanda chifukwa. N'chifukwa chake salengeza kanthu kasanafike masigima 5, mwayi wa kamodzi pa 3.5 miliyoni kuti zingaoneke chotero mwangozi chabe, palibe kanthu.

Tsono tinene mosabisa: ndi mafayilowa simupeza kanthu katsopano. Z', m'bale wolemera wa Z amene ziphunzitso zina zimalosera, adasakidwa kale ndi deta yochuluka kwambiri, ndipo mtundu wake wosavuta udakanidwa mpaka pafupifupi 5 TeV. Mizere 100,000 siyandikirako n'komwe. Chimene mumapeza ndi kugwira ndi manja anu njira imene akusakira, pamodzi ndi misampha yake.

Zoipa za tsambali zilipo. Zonse n'za m'Chingerezi cha akatswiri. Bokosi lofufuzira limasakaniza mafayilo a ana asukulu ndi a ofufuza, moti ukalemba "muon" zimabwera zambirimbiri zamaina osamveka. Deta yaikulu (CMS yokha idatulutsa materabaiti 300 mu 2016) imafuna mapulogalamu a Docker ndi CMSSW, ndi intaneti yosaduka. Kwa munthu wa ku Namwera kapena ku Makanjira wodalira netiweki ya foni, imeneyo musaikhudze n'komwe. Bandulo ithera panjira, ndipo laputopu ikagwira ntchito yolemera m'chitentho cha Okutobala imachedwa kapena kuzima yokha, magetsi asanathime n'komwe. Chowonetsera kuombana cha iSpy ndi chokongola, ana amaona ma muon akudutsa mpaka m'zigawo zakunja za makina, koma pa foni yaing'ono chimavuta kutembenuza.

Njira yotchipa ndi iyi: mmodzi atsitse ma CSV usiku ali pa boma pamene netiweki imagwira, aike pa fulashi, agawire anzake. Chilolezo chake ndi CC0, ndiye kukopera n'kololedwa. Ntchito yotsalayo siifunanso intaneti, ndipo mapiriyodi awiri akwana kuti kalasi ione Z pa gilafu yake.