Boti mugule kuti: pa chionetsero, kwa ejenti, kapena kwa amene watopa nalo?

Munthu wa kwathu amene wakhazikika ku Britain kapena ku South Africa akangotchula zogula boti, kaya loti azikwera yekha kapena loti alitumize kunyanja likanyamule alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, malangizo oyamba amene amamva ndi akuti adikire chionetsero cha maboti. Amati kumeneko ndiye mitengo imatsika. Ine ndikuona kuti malangizowa adatha mphamvu. Chionetsero chikadali malo abwino koposa oonerako maboti, koma pa nkhani ya ndalama chikugonja kwa njira zina ziwiri: kugula kwa ejenti wa kampani nyengo yoyenda pamadzi ikatha, ndi kugula boti loti wina adaligwiritsapo kale ntchito.

Tiyambe ndi zimene zidachitikira London Boat Show, poti nkhani yake ikufotokoza zambiri. Chionetserochi chidayamba mu 1954 ku Olympia, kenako chidakhala zaka zambiri ku Earls Court, kumene pakati pa holo pankakhala dziwe lalikulu loti maboti ankayandama m'nyumba momwemo mu Januwale, kunja kukuzizira koopsa. Mu 2004 chidasamukira ku ExCeL, kum'mawa kwa London, ndipo anthu adayamba kuchepa chaka ndi chaka. Cha 2018 adachidula kukhala cha masiku 5 m'malo mwa 10. Chaka chomwecho bungwe la British Marine, limene linkakonza chionetserochi, lidalengeza kuti cha 2019 sichichitika, chifukwa makampani ambiri sadafunenso kulipira malo. Sichidabwererenso. Dziwani kuti izi zidachitika mliri wa Covid-19 usanabwere, ndiye tisaunamizire.

Si maboti okha ayi. CeBIT ya ku Hannover, imene inali chionetsero chachikulu cha makompyuta padziko lonse, idatha mu 2018. Baselworld ya mawotchi idayamba kugwa Swatch Group itatuluka, ndipo Rolex ndi Patek Philippe atachokanso mu 2020 padalibe chotsala. E3 ya masewera a pakompyuta idatsekedwa mu Disembala 2023, ndipo chionetsero cha galimoto cha ku Geneva chidachitika komaliza mumzindawo mu 2024. Chifukwa chake n'chimodzi pafupifupi paliponse. Kale kampani inkafuna holo yaikulu kuti ionetse katundu watsopano kwa atolankhani ndi ogula nthawi imodzi. Lero imaika kanema pa YouTube, n'kuitana makasitomala ake enieni kufakitale kapena kudoko tsiku lake lokha, popanda wopikisana naye pambali.

Zionetsero za maboti zimene zapulumuka, zambiri ndi zija zochitikira pamadzi: Southampton, imene idayamba mu 1969 ndipo imachitika mu Seputembala ku Mayflower Park, Cannes ku France mwezi womwewo, Fort Lauderdale ku Florida chakumapeto kwa Okutobala, ndi Miami mu Febuluwale. Cha m'nyumba chimene chikadali champhamvu ndi boot Düsseldorf ku Germany, cha masiku 9 mu Januwale, chimene maboti ake aakulu amabwera ndi mtsinje wa Rhine n'kuwanyamula ndi makina kupita nawo m'maholo. Apa m'pamene chionetsero chili ndi mphamvu imene intaneti ilibe. Boti sungalidziwe pa foni. Chithunzi chimakuza chipinda chaching'ono, koma ukalowamo wekha umadziwa ngati mutu ukugunda denga, ngati bedi likukwana munthu wamtali, ngati dzanja lingafike pa fyuluta ya mafuta popanda kumasula theka la boti. Ku Southampton mungathe kukwera maboti a Beneteau, Jeanneau, Bavaria ndi Hanse m'mawa umodzi, n'kuwayerekeza maso akadali ndi chikumbukiro. Kuti muchite zimenezi kudzera mwa maejenti mungayende madoko angapo milungu ingapo. Nthawi zina mumapezanso anthu ochokera kufakitale, amene amayankha mafunso amene wogulitsa wamba amangowazemba. Tikiti yolowera imabwerera pa zimenezi zokha.

Tinthu ting'onoting'ono natonso timatchipadi. Majekete opulumutsira moyo, zingwe, zovala zamvula, wailesi ya pamadzi, ogulitsa safuna kubwerera nazo, ndipo tsiku lomaliza amatsitsa ndithu. Pamenepo sinditsutsa.

Vuto lili pa boti lenilenilo. Ganizirani zimene kampani yawononga kuti boti la mamita 12 lifike pa chionetsero: lole yapadera yolinyamula, makina olitsitsira m'madzi, malo amene amalipiridwa malinga ndi kukula kwake, inshuwalansi, ogwira ntchito ogona ku hotela masiku khumi ndi kuposa. Ndalama imeneyi sichokera kumwamba, imabwerera kudzera mwa ogula. N'chifukwa chake chimene amachitcha mtengo wa pa chionetsero kawirikawiri sichikhala kudula ndalama pa boti, koma kukuwonjezerani zipangizo: makina osonyeza njira, chotenthetsera m'kati, chophimba, mwina chaka china cha chitsimikizo. Zipangizozi amaziwerengera pa mtengo wa m'sitolo, pamene iwo adazipeza motchipa, ndipo zina mwa izo simukanazigula n'komwe mukadafunsidwa.

Palinso mtengo wolembedwa pa chikwangwani. Nthawi zambiri umenewo ndi wa boti likamatuluka m'fakitale, lopanda zambiri. Boti limene mwakwera, lonyezimira, lili ndi zowonjezera zonse. Mukafunsa kuti boti lomweli lifike padoko lanu lili lokonzeka kuyenda ndi ndalama zingati, amayamba kuwonjezera zonyamulira, zolimangira, penti wapansi woletsa ndere ndi nkhono, zida zachitetezo, ndipo ku Britain pamwamba pake pamabwera VAT ya 20 peresenti ngati sidali m'kati kale. Funso limeneli lifunseni lisanafike lina lililonse, ndipo yankho alilembe papepala.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi changu. Amakuuzani kuti mwayiwu utha Lamlungu chionetsero chikatsekedwa, ndiye perekani dipoziti lero. Pambali pomwepo pakhala munthu wa kampani yangongole wokonzeka kukuwerengerani zolipira pamwezi. Munthu watopa, wayenda tsiku lonse, wakwera maboti okongola, ana akondwa. Imeneyo si nthawi yosainira chinthu chodya ndalama za zaka khumi. Ejenti amene akufunadi kugulitsa sangakukaneni mukamuimbira Lachitatu lotsatira.

Mitengo yokhayo idasinthanso m'zaka zapitazi. Mu 2020 ndi 2021 anthu a ku Ulaya ndi America atalephera kukwera ndege adathamangira maboti. Mafakitale adachepa zipangizo, injini zinkachedwa, ogula ankadikira miyezi yambiri, ndipo mitengo idakwera ya atsopano ndi akale omwe. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imene maboti ankagulidwa kwambiriyo ndi imene zionetsero zidaima: boot Düsseldorf sidachitike mu 2021 ndi 2022, ndipo ku Southampton cha 2020 chidalephereka. Makampani adaona ndi maso awo kuti angathe kugulitsa popanda kulipira holo, ndipo phunziro limenelo sadaliiwale. Kenako chiwongoladzanja chidakwera. Bank of England idachoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 n'kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Ogula adachepa, maboti adayamba kuunjikana m'mabwalo a maejenti, koma mitengo yolembedwa ya atsopano sidabwerere kumene idachokera.

Apa m'pamene njira yachiwiri imalowera. Ejenti amagula maboti ena kufakitale ndi ngongole kuti akhale nawo pabwalo, ndipo mwezi uliwonse umene boti lakhala osagulidwa iye akulipira chiwongoladzanja ndi malo. Ku Britain nyengo yoyenda pamadzi imatha chakumapeto kwa Okutobala. Mukapita mu Novembala kapena Disembala, mtundu wa chaka chamawa uli m'njira, mumapeza munthu wofuna kumva mtengo wanu. Boti ndi latsopano, chitsimikizo cha fakitale n'chomwecho, ndipo kuchotsera kwake ndi kwa ndalama zenizeni osati zipangizo. Boti limene lidaonetsedwa pa chionetsero, limene anthu ambirimbiri adalipondaponda, nalonso limagulitsidwa motsika pambuyo pake. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti mumatenga chimene chilipo. Mtundu wa penti, kukula kwa injini ndi kakonzedwe ka zipinda adasankha ndi wina.

Koma ndikadafunsidwa kumene ndalama ya munthu wamba imagula zambiri, ndikanati ndi kwa amene watopa nalo boti lake. Boti latsopano limatsika mtengo kwambiri zaka zoyambirira, ndipo mwini woyamba ndiye amaluza ndalama imeneyo. Iye yemweyo ndiye adagula nangula wabwino, mabatire owonjezera, kaboti kakang'ono kotsikira, ndipo zonsezi zimabwera kwa inu pafupifupi ulere. Ambiri amene adagula mothamanga nthawi ya mliri adazindikira kuti malo oimikapo, inshuwalansi ndi kukonzetsa zimadya ndalama chaka chilichonse ngakhale boti lisanayende, ndipo akufuna kutula katunduyo. Pa masamba a intaneti otsatsirapo maboti monga YachtWorld, Boat Trader ndi Apollo Duck mungathe kuona maboti a mtundu umodzi a zaka zosiyanasiyana, n'kudziwa mtengo woyenera musanalankhule ndi aliyense. Chimenechi ndicho chidalanda zionetsero ntchito yake yaikulu, chifukwa kale wogula sankadziwa mitengo ya ena pokhapokha atafika m'holo.

Njirayi ili ndi minga yake, ndipo ndi yolasa. Boti lakale limabisa matenda. Thupi la faiba limatha kumwa madzi n'kutuluka matuza pansi, matabwa a m'kati mwa denga amaola osaoneka, mawaya ochirikiza mlongoti ali ndi zaka zake zosinthira, ndipo injini yoyenda bwino padoko imatha kutentha ikakankhidwa kwa ola limodzi. Musagule popanda katswiri wopima maboti amene mwamulemba ndi kumulipira inuyo, osati amene wakupatsani wogulitsa. Boti alitulutse m'madzi, alipime pansi, ndipo mukaliyese panyanja injini itayatsidwa ili yozizira inu mukuona. Ndalama ya katswiriyo imabwerera, chifukwa lipoti lake ndilo mumatsitsira mtengo. Funsaninso mapepala osonyeza mwini wake weniweni, kuti palibe ngongole imene boti lidakali chikole chake, ndi kuti VAT idalipidwa. Kuyambira mu Januwale 2021 Britain itatuluka mu European Union, boti lolipidwa VAT ku France silitengedwanso ngati lolipidwa ku Britain, ndipo ena adagwa nazo m'mavuto. Pa Facebook pali akuba oika zithunzi za maboti a eni ake n'kupempha dipoziti. Ngati simunalikhudze ndi dzanja, musatumize kalikonse. Kudzera mwa mkhalapakati wodziwika, amene amasunga ndalama yanu mu akaunti yapadera mpaka zonse zitatheka, kumachepetsa ngozi imeneyi, ndipo malipiro ake amachokera kwa wogulitsa.

Amene ali ku South Africa ali ndi mwayi wina. Ku Cape Town kuli Robertson and Caine, kampani yopanga maboti a matupi awiri otchedwa Leopard, amene ambiri mwa iwo amagulidwa ndi makampani obwereketsa maboti kwa alendo, The Moorings ndi Sunsail. Pakatha zaka zingapo mabotiwa amagulitsidwa motsika. Agwira ntchito yakalavulagaga m'manja mwa anthu osiyanasiyana, koma ali ndi mbiri yolembedwa ya kukonzedwa kwake, chimene boti la munthu payekha nthawi zambiri silikhala nacho.

Tsopano kwa inu amene cholinga chanu ndi Nyanja ya Malawi, kuyerekeza konseku kumapendekera mbali ina. Chofunika kumeneko si kukongola kwa m'kati koma injini yoti makaniko wa ku Mangochi kapena Nkhata Bay akuidziwa ndipo sipeya wake akupezeka. Injini zakale zosakaniza petulo ndi oilo, monga Yamaha Enduro imene asodzi athu amaidalira, zidasiya kugulitsidwa zatsopano kwa oyenda pamadzi mongosangalala ku Ulaya kuyambira mu 2007 chifukwa cha malamulo a utsi. Ku Southampton ndi ku Düsseldorf mupeza injini zamakono zoyendetsedwa ndi kompyuta, zosadya mafuta ambiri ndi zopanda phokoso, koma zikadwala zimafuna makina oziyezera ndi mafuta oyera bwino. Injini yotereyi ikaima pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay mwera ukuwomba mu Julayi, chitsimikizo chosainidwa ku England sichikuthandizani.

Onjezerani zonyamulira kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, msonkho wa MRA, ndi kwacha imene idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mudzaona kuti kachotsera ka pa chionetsero kamamira m'ndalama zimenezi. Boti logulidwa ku South Africa limatha kubwera pa ngolo yake pamsewu kudzera ku Tete mpaka ku Mwanza, ndipo injini za Yamaha, Suzuki ndi Mercury zogulitsidwa kumeneko ndi zimene sipeya wake amafika kwathu msanga. Ngati ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu kufupi ndi gombe, yerekezaninso ndi mtengo wokhomesa boti la matabwa kunyanja komweko n'kungogula injini yatsopano, chifukwa thabwa likathyoka mmisiri wolikonza ali pamudzi pomwepo.