Ben Lomond mu nkhungu, ndalama ya gaidi sinapite pachabe

Loweruka lapitali tinakwera phiri la Ben Lomond ku Scotland ndi kakampani kena ka ku Glasgow kamene kamatengera anthu kumapiri, ndiye ndati ndilembe poti ambiri mumafunsa zoti kulipira gaidi nkofunikadi paphiri loti njira yake aliyense amaidziwa.

Anatinyamula pa minibasi mmamawa, kudutsa Drymen ndi Balmaha mpaka pa Rowardennan m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond pomwe njira imayambira. Tinalipo 8. Kunja kukuwaza kamvula ka Epulo kaja, koti umaona ngati palibe chikugwa koma pakatha ola wanyowa kale. Phirili ndi lalitali mamita 974, ndipo pa ma Munro onse 282, kutanthauza mapiri a ku Scotland opitirira mafiti 3,000, limeneli ndi lakumwera kwenikweni, pafupi ndi Glasgow, nchifukwa chake anthu amakhamukirako. Njira yaikulu kupita ndi kubwera ndi pafupifupi makilomita 12.

Mmunsi munkhalango zinali bwinobwino, matope basi. Koma titangotuluka m'mitengo nkhungu inatseka, nyanja yonse ija ziii, munthu ali patsogolo pako pompa kumangomuona ngati chithunzithunzi. Apa mpomwe ndinamvetsa ntchito ya mayi amene ankatitsogolera. Sankathamanga, pakapita kanthawi ankaima nkutiwerenga, nkufunsa mmodzimmodzi ngati zala zikugwira, ndipo anatulutsa mapu ndi kampasi kutionetsa pomwe tili, akuti foni osaidalira kwambiri chifukwa batire imatha msanga kukazizira. Chakumtunda njira imadutsa pafupi ndi phompho ndithu, iwo anakaima mbali imeneyo ife nkumadutsa mbali inayo, opanda kutiopseza ayi.

Pamwamba sitinaone kalikonse, kachipilala ka pansonga kaja ndi mphepo yobaya m'mafupa, timiyulu ta sinowo apo ndi apo. Pulani inali yoti titsikire njira ina yotchedwa Ptarmigan kuti tisabwerere yomwe tinakwerera, koma mayiwo anakana, anati miyala yanyowa komanso poyambira pake ndi potsetsereka kwambiri. Anyamata awiri anang'ung'udza kuti analipira kuzungulira konse, ine ndinali mbali ya mayiwo ndipo mpaka pano ndikuti anachita bwino, panali bambo ena achikulire maondo anali atayamba kale kunjenjemera.

Chondidandaulitsa nchakuti mabuluku osalowa madzi omwe kampaniyi imabwereketsa ndi otheratu, langa linkalowa madzi pamaondo chiyambire, potsika ndinali nditazizidwa koopsa. Komanso mu imelo yawo sananene zotenga magolovesi apadera, pomwe oyamba akanyowa manja amachita dzanzi. Zimenezi akonze chonde, si nkhani yaing'ono kumtunda kuja. Inu mukamapita tengani zanu, jekete yabwino, mabuti, tiyi mufulasiki, ndipo jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa siyuma.

Tinafika pansi patatha maola 5 ndi theka tonse tili bwino. Mtengo wake siwotchipa, tsiku la dzuwa mwina mukhoza kukwera nokha, koma ine ndabukitsa kale ulendo wina koyambirira kwa Meyi ndi mayi omwewo, tizilombo toluma tija ta ma midge tisanayambe, ndikufuna ndikaione Ptarmigan imeneyi.