Thanki yatsopano ya madzi amchere: kusintha madzi kapena kuwasiya?

M'masabata 4 mpaka 6 oyamba, pamene mabakiteriya oyeretsa madzi akukhazikika m'thanki, oweta nsomba za m'nyanja yamchere amagawanika pawiri. Ena amasintha 10 mpaka 20 peresenti ya madzi sabata iliyonse. Ena sawakhudza mpaka amoniya ndi nitrite, zomwe ndi poizoni kwa nsomba, zitafika pa 0. Onsewa akunena zoona, koma akukamba za mathanki osiyana.

Kuwasiya madzi kumayenera thanki ya miyala youma yopanda nsomba, yomwe mwathiramo amoniya wa m'botolo mpaka 2 ppm (pafupifupi mamiligalamu 2 pa lita imodzi ya madzi). Amoniyayo ndi chakudya cha mabakiteriya: amamusandutsa nitrite, kenako ena amasandutsa nitriteyo kukhala nitrate. Mukataya madzi, mabakiteriyawo simuwataya kwenikweni, poti amamatirira pa miyala ndi mumchenga. Chomwe mwataya ndi chakudya chawo, kuphatikizapo mchere womwe munagula. Ine ndimakonda njira iyi. Ntchito yake ndi kuyeza madzi masiku awiri kapena atatu aliwonse, basi. Mukathira amoniya n'kupeza kuti pakatha maola 24 watha pamodzi ndi nitrite, sinthani madzi ochuluka kamodzi, mwina theka, kuti nitrate atsike nsomba zisanalowe.

Kusintha pafupipafupi n'kwa amene anayamba ndi miyala yochokera m'nyanja, ija amati live rock. Tizamoyo tomwe tinafera m'njira timaola, fungo limakuuzani lokha, ndipo amoniya akapitirira 5 ppm zinthu zimachedwa, zamoyo zotsala pamiyalapo n'kufanso. Ngati munafulumira kuikamo nsomba, apo palibe zokambirana. Pa pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya 8.1 mpaka 8.3, yomwe madzi amchere amakhala nayo, amoniya amapweteka kwambiri kuposa m'madzi a pH yotsika, choncho sinthani madzi amoniya akangooneka pa choyezera. Madzi atsopanowo asakanizidwe ndi pampu kuyambira dzulo lake, mchere ukhale pa 1.025 pa choyezera mchere (specific gravity), kutentha kufanane ndi kwa m'thanki, pafupifupi 25°C.

Pali china chomwe ambiri amasokoneza ndi kusintha madzi. Madzi akaphwa chifukwa cha nthunzi, mchere umatsalira momwemo, ndiye owonjezera akhale opanda mchere, osefedwa bwino ndi makina otchedwa RO/DI. Izi n'za njira zonse ziwiri. Siponji ya mu fyuluta musaitsuke pampopi, klorini amapha mabakiteriya. Magetsi ounikira asiyeni ozima pa miyala youma. Ndere zofiirira zomwe zimamera m'thanki yatsopano zidzabwerabe, koma bola zibwere mochedwa.