Task Manager, Autoruns ndi zija zogula: yozimitsira mapulogalamu odziyatsa okha ndi iti?

Anzanga apa boma la Mangochi akhala akundifunsa chifukwa chake laputopu ya pa shopu yanga yosindikizira imayaka msanga pomwe zawo zimachedwa mpaka munthu kumaliza kapu ya tiyi. Kawirikawiri vuto si kukalamba kwa makina ayi. Ndi mapulogalamu amene amadzuka okha Windows ikamayaka, aliyense n'kumalimbirana kamemory komweko. Ndayesapo njira zitatu.

Task Manager imabwera kale mu Windows. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Startup, muona mndandanda ndi mawu akuti High, Medium kapena Low osonyeza cholemetsa kwambiri. Spotify, Teams, zonsezo mukhoza kuzipanga Disable. Amene munazolowera msconfig, chida chakale cha Windows chochitira zomwezi, kuyambira pa Windows 8 imangokulozerani ku Task Manager komweko. Kufooka kwake n'kwakuti imaonetsa zapamwamba zokha.

Zogula zija, zolonjeza kuti kompyuta ithamanga ngati yatsopano, ndiye ndili nazo chakukhosi. Ndinagula imodzi ndi khadi la ku banki, mtengo wake m'madola, ndimayesa ndalipira kamodzi basi. Chaka chitatha anandidula ndalama zina osandifunsa, ndipo zinagwera kwacha itangogwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinauona uthenga wa ku banki ndili pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndinaima kaye n'kuuwerenga kawiri. Zoti malipiro azidzibwereza chaka ndi chaka zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni.

Ndalamazo ndikanapirira. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti pulogalamuyo inazimitsa yokha kapulogalamu ka sikana, ati n'kosafunika. M'mawa wina bambo ena ochokera ku Namwera anabwera ndi masatifiketi a mwana wawo oti atumizidwe tsiku lomwelo. Anakhala pabenchi akudzipepeza ndi envulopu, kutentha kwa kuno mukukudziwa, ine thukuta kamukamu kufufuza chavuta. Anadikira pafupifupi ola lathunthu, kenako anapepesa mwaulemu n'kupita pa shopu ina. Nditafufuza bwino ndinapezanso kuti pulogalamu yogulayo nayo inkadziyatsa yokha m'mawa uliwonse, pa High.

Amene ndimamudalira tsopano ndi Autoruns, wa gulu la Sysinternals lomwe Microsoft inagula mu 2006. Ndi waulere, ndi wopepuka kudawuniloda ngakhale bandulo ili yochepa, safunanso kuinstola, ndimangoyenda naye pa flash. Amaonetsa zonse: Logon (zoyaka mukamalowa mu Windows), Services (zogwira ntchito mosaonekera), Scheduled Tasks (zoikidwa kuti zizidziyatsa pa nthawi yake), ngakhale madiraiva, timapulogalamu toyendetsa zida monga sikana. Mzere wachikasu ukutanthauza kuti fayilo yake kulibenso, zotsalira za mapulogalamu amene munachotsa kale. Wofiirira ndi wopanda siginecha yotsimikizika ya amene anapanga pulogalamuyo, muufufuze kaye. Koma Autoruns sakuchenjezani mukamalakwitsa. Mutsegule ngati administrator, muonetsetse kuti Hide Microsoft Entries yachongedwa pa Options, ndipo muzingochotsa kachizindikiro m'kabokosi osati kupanga Delete, kuti zikavuta mubwezeretse. Antivirus ndi madiraiva musakhudze.

Kwa mphunzitsi kapena wa muofesi amene akungofuna kompyuta iziyaka msanga, Task Manager ndi yokwana. Autoruns ndi wa tsiku limene mwazimitsa chinthu koma mawa lake n'kuchipeza chadzukanso, pamenepo yambani kuyang'ana pa Scheduled Tasks.